Chithunzi Chimene Chinatsegula Pakamwa pa Tiwonge

Abale mwa Ambuye, moni nonse. Nkhani iyi sindinaikambepo pamaso pa mpingo chiyambire, ndipo ndikuilemba ndi dzanja langa, ine amene ndinaphunzira kugwira pensulo imvi zitamera kale.

Mwana wanga Tiwonge anakula osatsegula pakamwa. Nsagwada zake zinagwirana ali ndi zaka zinayi, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ankangomwa phala lodutsa pampata wa dzino. Anthu kwathu ku Tembwe anati walodzedwa, naloza chala alamu anga a Nyagoma, amasiye a malemu mkulu wanga, mpaka iwo anasamukira ku Kambombo. Ine ndinakhala chete, chonsecho ndinkadziwa chimene chinachitika. Tsiku lina ndikuchokera kumowa ndinamugwetsa mwanayo panjinga, n'kumenyetsa chibwano pamwala. Ndinamupukuta magazi, kunyumba n'kungoti wapunthwa posewera. Zaka zonsezo ndinkapempha Mulungu kuti mwana achire, koma tchimo langa lisaoneke.

Madokotala ena obwera kudzayendera odwala ku Chama atamuona, mpingo unathandiza kuti tipite ku Joni. Kumeneko anamugoneka m'makina ojambula mafupa. Sichinali chithunzi chafulati ngati ekisileyi yakwathu ayi. Pakompyuta panatuluka mutu wake wonse, dokotala akuutembenuza uku ndi uku ngati dzungu m'manja. Kenaka analoza pafupi ndi khutu.

"Bambo, fupa ili linathyoka kalekale n'kulumikizana molakwika. Tisanadule, tiuzeni: anagwa bwanji, ali wamkulu bwanji?"

Ndinaulula zonse, Tiwonge akumva. Iye sanalire, anangolankhulira m'mano monga mwa masiku onse: "Adada, manje mwanena. Alekeni agwire ntchito."

Dokotala anayeza pachithunzi chomwecho podzadula ndi posiya, ndipo opaleshoni inayenda bwino. Patapita milungu ndinaona mwana wanga akuyasamula, ine n'kulira ngati khanda. Tsiku limene tinafika kumudzi anakukuta chimanga chowotcha mpaka kusiya chitsononkho, azimayi akululutira.

Ulemu upite kwa Mulungu, amene analiona fupa lija makinawo asanapangidwe! Inu amene mwasenza chobisika, musaleke kupemphera. Iye pochiza bala, amachiza ndi bodza lomwe.

Titafika kumudzi kuja, m'mawa mwake ndinapopa njinga, ndinamangirira tambala kumbuyo, n'kuuyamba wa ku Kambombo kukagwada pakhomo pa a Nyagoma.