Alekeni Azakhali Agoneko Masana

Mkulu wa yunivesite, mkulu wa dipatimenti yathu, aphunzitsi anzanga, ophunzira amene mwatsata zakumwa, ndi inu abale a Pulofesa amene mwadzaza mipando ya kutsogoloyi, ndakulonjerani nonse. Abale musathawe msanga. Ndili nanu mawu.

Pulofesa awa, amene lero akupuma ntchito, tonse timawatcha Azakhali. Ndakhala nawo ofesi imodzi kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Andiuza kuti ndinene kuti ndidzawasowa. Ndikuganizirabe.

Kafukufuku wawo woyamba sindimuiwala. Ananyamula makina ojambulira mawu kupita kwa mayi wina wolera ana a malemu mng'ono wake. Asanafunse kanthu, mayiyo anawapatsira khanda n'kupita kukachapa. Titamvetsera tepi ija, munali kulira kwa mwana kokhakokha, ndi munthu wamadigiri akuimba nyimbo yotonthoza, moiphonya. Ife tinaseka. Iwo anati zotsatira zake ndi zomwezo: wolera ana a m'bale wake alibe nthawi ya mafunso athu.

Kuyambira pamenepo tinaona zakuda. Aliyense wolowa mu ofesi yathu ankafunsidwa kuti anamulera ndani. Wokonza magetsi anabwera kudzasintha babu. Anatuluka akupukuta misozi atafotokoza za amalume ake, babu osasintha. Mpando wanga unasanduka wa alendo: agogo, azakhali, atsikana olera azing'ono awo. Ine mayeso ndachongera pawindo, choimirira, mpaka msana uwu.

Komabe Azakhali, zikomo, ndipo apa sindikuseka. Ophunzira anu akapeza mwana wamasiye sathamangira naye kumalo osungirako ana. Amayamba afunsa kuti akumusambitsa kale ndani, n'kuthandiza ameneyo. Munatiphunzitsanso kuti wolerayo amatopa, ngakhale sanena.

Tsopano abale. Pakhomo paja ndakumvani. Achimwene awo, inu mukuti mapasa anu akakhale kwa iwo poti sukulu ili pafupi. Iwe mwana wawo wamkazi, wapeza ntchito kutali, ndipo wayeza kale chipinda chawo chowerengera kuti mulowe bedi la ana. Wina ndamumva akuti, "Nanga azitaninso, si apuma ntchito?"

Munthu walemba mabuku onena kuti olera amatopa. Mabukuwo munajambulitsa nawo zithunzi, mutatchena. Kutsegula kokha kunakukanikani?

Chondipweteka mutu n'chakuti m'mawa uno ndawauza eni akewo kuti akane. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti, "Bedilo ndagula kale. Nanga iwe, anakulera ndani?"

Funso limenelo ndalizemba zaka zonsezi. Ndiyankhe lero, mundileke. Anandilera achemwali anga. Anasiya sukulu kuti ine ndiime pano ndi tayi. Sindinawaonepo atagona masana, mpaka tsiku limene tinawagoneka.

Ndiye abale, kuwaletsa Azakhali ndalephera, koma inu ndikuthani. Loweruka ndi Lamlungu ana azikhala kwa makolo awo. Masana aliwonse chitseko cha Azakhali chizitsekedwa, wogogoda asapezeke. Makina ojambulira mawu aja adakali m'kabati. Ndizibwera nawo mosalengeza, ndipo ndikamva Pulofesa akuimbanso nyimbo ija, nkhani yanu ndidzaiphunzitsa m'kalasi.

Azakhali, mukapume, ngakhale pang'ono pokha. Mpando wanga ndautenga.

Tiyeni tiwaombere m'manja, mwamphamvu ndithu. Kuyambira mawa kunyumba kwawo kuzikhala munthu wogona, ndipo akhale iwowo.