Kathumba Komwe Ndinasiya M'nyumba

Okondedwa omvera, ndine mayi wachikulire wa ku Ntengo-Wambalame. Nkhaniyi ngakhale ana anga sakuidziwa.

Nthawi ya nkhondo amuna anga anali enfermeru, kapena kuti namwino, pa kachipatala ka kwathu. Anakonzeratu kathumba kothawira nako kutchire. Munali nsalu zowiritsa zomangira mabala, mchere, sopo, lezala ndi makomprimidu, mankhwala akumwa, ochepa. Tsiku lomwe mfuti zinalira kumunsi kwa mudzi, iwo anali kumunda. Mtolo unandidzadzira, mwana ali kumsana, ndiye ndinatulutsa kathumbako n'kuika nyemba pamalo pake.

Tinakapezana kuphiri. Tsiku lachiwiri, tikuthamanga, chitsa chinawang'amba mwendo.

"Amake mwana, ndipatseni kathumba kaja," anatero.

Ndinawanamiza kuti kanagwera mumtsinje. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Palibe kanthu."

Ndinamanga balalo ndi kapulana yanga, nsalu yovala yalitsiro. Mwendo unatupa, unayamba kununkha, thupi lonse kutentha ngati moto. Patatha sabata anamwalira, malire a Malawi tikuwaona chapatali.

Inu amene mumapita kutali ndi chipatala, chonde musasiye zomangira mabala. Ine amuna anga ndinawakwirira ndekha ndi khasu lobwereka, ndipo zoona zake ndinawauza dothi litawaphimba kale.