Anazimitsa Kompyuta Kuti Asite Suti

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1979, achiwiri m'banja la ana anayi. Ine ndikuyankhulane ndine malume awo, ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Mayi awo, mlongo wanga, atamwalira mu 1986, malemu anakulira pakhomo panga. Tinkawatchula kuti aKhosi, chifukwa ankayenda khosi lili m'mwamba, akuyang'ana nyenyezi, mpaka kugwera m'ngalande.

Sukulu anaikonda. Mu 1998 anapita ku yunivesite. Mu 2007 anakwatiwa, koma amuna awo anatsogola mu 2015, kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi.

Ntchito yawo inali yofufuza mmene milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi aja, inayambira. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye anandiphunzitsira pa utuchi. Anaumwaza pansi m'shedi mwanga n'kunena kuti pachiyambi zonse zinali zomwazika chonchi, pafupifupi mofanana, kungoti pena panali pochindikala pang'ono, pang'ono zedi. Pochindikalapo pankakoka zapafupi. Pakakula pankakokanso kwambiri, mpaka patapita zaka mabiliyoni panakhala milu ya nyenyezi yolumikizana ngati ukonde wa kangaude, pakati pali pululu. Akuti chimene chinkakoka kwambiri n'chinthu choti sichioneka n'komwe. Ine ndinati, "Amenewotu ndi abale athu, pamene pali kanthu ndi pamene amaunjikana." Anaseka mpaka misozi. Ine lero sindikuseka.

Mu Febuluwale chaka chino anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Atalephera kumapita kuntchito, anabweretsa kompyuta yaikulu kunyumba, n'kuiika m'kachipinda kakumapeto, pamodzi ndi kabatire kothandiza magetsi akathima. Inkawerengera osapuma, kuunjika utuchi wakumwamba uja pang'onopang'ono, kuti aone ngati maganizo awo anali olondola. Inkafuna miyezi kuti imalize. Pempho lawo linali limodzi lokha, lakuti isazimitsidwe. Pulagi anachita kuimata ndi tepi yofiira.

Nthawi yonse ya matenda, owachapira ndi kuwadyetsa anali mwana wawo ndi aneba. Koma sabata yatha, itamveka mbiri yakuti madokotala alephera, nyumba inadzaza thoo. Kunabwera ndi anthu oti tinawaona komaliza paukwati.

Lachitatu, ali m'chipatala, mawu akuchita kuvuta kutuluka, malemu anandituma: "Malume, kaoneni ngati kompyuta ija ikuyendabe." Nditafika kunyumba, ndinapeza tepi yamatulidwa. Pasoketi pali ayironi. Patebulo la malemu pali suti yakuda. Munthu akusita zovala zapamaliro, mwini maliro akupumabe! Kabatire kaja akuti kanalira mpaka kutha, anthu n'kungotseka chitseko kuti kasawasokose. Nditafunsa, mwini sutiyo anandiyankha kuti, "Inkangong'ung'udza, palibe ankaigwiritsa ntchito." Dzina sinditchula. Sutiyo ndi yosita bwino ndithu, nonse mukuiona kutsogolo kuno.

Ndinabwerera kuchipatala. Ndinapeza atatisiya kale. Linali tsiku la 12 Novembala.

Anzawo akuntchito atiuza kuti zimene kompyuta inawerengera zatayika, koma ikhoza kuyambiranso pachiyambi. Dzulo aiyatsa, ndipo amene anadina batani ndi mwana wa malemu. Ine ndakhomerera bokosi lamatabwa pasoketipo, misomali yake yaitali ija. Ofuna kusita akasite kwawo.

Malemu asiya mwana mmodzi, azichimwene awo awiri, mng'ono wawo, ndi ine malume awo. Tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza pabedi, aneba amene sanatope nafe, anzawo akuntchito, ndi nonse amene mwabwera kudzalira, osati kudzaona kuti firiji ipita kwa yani.

Mphwanga, munandituma, ndipo yankho ndabwera nalo. Ikuyenda. Mzimu wanu uuse mumtendere.