Makalata Amene Munati Awotchedwe

Olemekezeka wapampando wa sukulu ino ya udokotala, olemekezeka mkulu wa aphunzitsi, madokotala asanu ndi awiri amene mumasankha ophunzira, anzake a malemu mkazi wanga a mu ofesi yolandira makalata, makolo, ndi inu ana athu amene mwakhala kumbuyoko kudikira mafunso a mawa, landirani moni wanga.

Ndathokoza pondiitana kudzatsegula chipinda chofunsiramo ofuna malo, chimene mwachitcha dzina la mkazi wanga. Ine ndine kalipentala, sekondale sindinamalize, ndipo pakamwa panga ndi polemera. Mundipirire.

Tsiku lomaliza limene tinakhala bwinobwino linali Lamlungu. Ine ndinali pansi kukonza mwendo wa tebulo umene unkagwedera, iye ali pa tebulo lomwelo kuwerenga makalata. Paja mwana aliyense wofuna malo pano mumamuuza kuti alembe kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira udokotala. Wolandira makalatawo anali mkazi wanga, kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri.

"Akalipentala, tasiyani kugwedezako, tamverani uyu," anatero. Anandiwerengera kalata ya mtsikana amene anasamalira bambo ake opuwala zaka zinayi, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kusukulu akupita modumphadumpha. Ankafuna kudzagwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha kwawo, pamene dokotala sakhalitsa.

"Ameneyu amutenga," ndinatero.

Anaseka. "Amutenga ndani, bambo inu? Waperewera malikisi awiri. Ndawerenga ine, mwamva inu, basi yathera pa tebulo lanu logwederali."

M'mawa mwake anagwa pokwerera basi, ndipo patapita masiku atatu anatisiya.

Olemekezeka, musazolike. Kachitidwe kanu kanali aka: mukaona malikisi mumadula mzere, ndipo makalata a onse otsala pansi pa mzerewo mumati awotchedwe osawerengedwa n'komwe. Kawiri konse mkazi wanga anakulemberani kudandaula, ndipo kawiri konse munamuyankha kuti ntchito yake ndi kudinda, osati kusankha. Lero mwalemba dzina lake pakhoma ndi zilembo zonyezimira. Pepani, koma zikundiwawa. Munthu amene simunamumvere ali moyo, mukumuombera m'manja atagona?

Sindikunyoza malikisi ayi, dokotala wosadziwa kanthu nanenso sindimufuna. Koma pa ntchito yanga, chitseko chingakhale cha thabwa labwino chotani, ngati sunayeze felemu sichitseka. Inu mumati sukulu ino inamangidwira zipatala zakutali. Nanga mumamudziwa bwanji amene akakhaleko osathawa, amene sadzanyansidwa ndi bala lonunkha, amene adzamvetsere wodwala wofotokoza matenda ake mozungulira, ngati simuwerenga zimene mwamuuza nokha kuti alembe? Mwana kuchezera sabata yathunthu, kulemba, kufufuta, kulembanso, inu n'kupatsa moto!

Ndamva kuti kuyambira chaka chino mwasintha, muziwerenga kalata iliyonse ndi kufunsa mwini wake maso ndi maso. Ana awa akhulupirira, n'chifukwa chake abwera. Ine ndikhulupirira ndikaona.

Katundu wa malemu ndinakhala chaka chathunthu osamukhudza. Mwezi watha ndinalimba mtima. Zovala ndinapatsa ang'ono ake, magalasi ake owerengera ndasunga. Pansi pa bedi panali masutikesi atatu amene zaka zonsezi ndinkayesa muli mabulangete. Makalata aja mkazi wanga sankawawotcha, ankawasunga m'menemo. Onse alipo, omangidwa chaka ndi chaka, ndipo pa kalata iliyonse analembapo ndi pensulo kuti "ndawerenga".

Lero ndinalawirira, mlonda ananditsegulira chipindacho, ndipo makalatawo ndawaunjika pa mipando yanu isanu ndi iwiri. Ya mtsikana uja ili pamwamba, pa mpando wapakati. Mawa palibe amene akhale pansi asanawanyamule ndi manja ake.

Tsono ndikulengeza kuti chipindachi chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.