Nsawawa Pamzere wa Chigayo

Pachigayo cha pa Santhe, mayi wina anasuzumira m'beseni la bambo amene anaima patsogolo pake.

"Bambo, si nsawawa izi? Mukufuna kugayitsa nsawawa?"

"Eya mayi, ndikufuna kuphika chipere cha nyama ya nkhumba."

"Mayo ine! Chipere kuchigayo? Mutuluka ndi ufa muno! Nsawawa timapera pamphero, n'kupeta makoko. Nanga nkhumbayo ilowa pati?"

"Mumphika momwemo. Fupa lowamba lizibwata limodzi ndi nsawawazo mpaka nyama itayoyoka."

"Nkhumba m'chipere! Chibadwire sindinamvepo. Anakuuzani ndani zimenezi?"

"Akazi anga ankaphika choncho."

"Nanga osawasiyira eni akewo bwanji, m'malo modzadzichititsa manyazi pagulu?"

"Tinawaika m'manda mwezi watha. Mwana wathu Nthanda akukana chakudya chilichonse, akuti akufuna chipere cha amayi ake. Dzulo ndinaphika zosapera, anangonunkhiza n'kukagona."

"Kalanga ine! Ndiye mwanayo sanadye mpaka pano?"

"Wangomwa tiyi basi."

"Chokani pamzerepa, bambo, nyamulani beseni lanu. Kwathu n'kuseri kwa msikawu, mphero ilipo. Kupera ndipera ine, koma za fupazo mundiuza ndinu."