Mlombwa umene ndinasiya ku Zemba

Zaka zija za Fedulo, dziko likali m'manja mwa atsamunda, ndili ndi mwana mmodzi kumbuyo, ndinkakhala pachitengwa ku Zemba, kwawo kwa amuna anga aYobe. Afisi anali atatsala pang'ono kutitsirizira mbuzi, chifukwa khola la mitengo youma chiswe chinkalidya chaka ndi chaka, ndipo aYobe anati timange khola lomera. Inu lero mumagula mbande za m'timapepala ku Boma, koma ife tinkadula nthambi n'kuizika, iyo n'kugwira yokha.

Mlombwa sudulidwa mwachisawawa, ana inu. Tinkadikira chilimwe masamba atayoyoka, n'kusankha nthambi yowongoka, yonenepa ngati mkono, yopanda chibowo cha nyerere. AYobe ankatema mopendeka ndi nkhwangwa yakuthwa kuti khungwa lisasendeke, kenako n'kuimika nthambizo pamthunzi kuti utomoni wake wofiira ngati magazi uja uume. Ankandiuza kuti ndiziika chizindikiro kutsinde, poti yozikidwa chadodolido simera. M'mera mpoyamba.

Tsiku lomaliza kudula tinapita tonse kuphiri m'mawa. AYobe akukoka nthambi pachulu, njoka ya mbobo inawaluma pakhosi. Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, n'kundiyang'ana.

"Nabanda, zija zili pamthunzi uzizike mvula isanagwe. Zikagonera ziwola."

Chipatala chinali kutali, si monga lero pamene chili pakhomo. Anthu anawanyamula pamachira, koma anatsirizika asanaoloke nawo ngakhale dambo.

Maliro atatha, ndinakumba ndekha mayenje ofika m'bondo, mwana ali kumsana, n'kutsindira dothi ndi mpini. Apongozi ankati namfedwa sagwira khasu, koma ine ndinangopitiriza kuzika. Mvula itagwa, nthambi zija zinaphuka pafupifupi zonse, ndipo mwezi womwewo achibale a malemu anandisudzula. Alamu anga anati khola ndi la pamudzi, mbuzi zotsala nazonso n'zapamudzi. Ndinabwerera kwathu ku Pembamoyo ndi mwana ndi mtolo wa nsalu.

Ndinadzadutsako ku Zemba mwana uja atakwatiwa. Mitengo ija inali itapitirira denga, ndipo mnyamata wosema mpando pansi pake anandiuza kuti inamera yokha. Sindinamutsutse.

Tsono inu, mukapeza mtengo pabwalo, muzifunsa amene anauzika mwini wake akali moyo. Ndipo mkazi wamasiye musamamuthamangitse misozi isanaume.