Liu limodzi la nshawa linatsala pang'ono kundilanda digili

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene muwelengela mau awa. Ine ndine mlangizi wa zaulimi ku Sandwe, m'boma la Petauke, ndipo ndifuna kukuuzani za chaka chimene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pa maphunzilo a digili. Chimene chinandigwetsa pansi si matenda kapena ulesi. Linali tsamba la pa intaneti la laibulale ya yunivesite yathu, pamene ophunzila amafufuzilapo zolemba za akatswili. Mwina wina aseka pomva izi, koma ine ndinalila nalo misozi yeniyeni.

Ndinali kuphunzila ndili pa nchito, kupita ku Lusaka pa nthawi ya mayeso chabe. Mayeso onse ndinapambana, kunatsala kafukufuku wotsiliza. Ndinasankha nkhani ya chuku cha nshawa chifukwa ndi vuto limene ndimaliona ndi maso. Alimi a kwathu amalima nshawa zambili, ogula amakana zachuku, ndipo zokanidwazo ndi zimene azimai amasinja n'kuthila m'phala la ana. Poizoni wa chuku chimenechi, amene m'mabuku amamutcha aflatoxin, amaononga chiwindi pang'onopang'ono. Ndinali kufuna kudziwa njila zoyanikila ndi kusungila zimene mlimi wa ku Sandwe angazikwanitse.

Mutu wachiwili wa kafukufuku umafuna kuti uonetse zimene ena analemba kale pa nkhani yako. Apa ndi pamene ndinamatilila. Aphunzitsi oyang'anila nchito yanga anali kundibwezela mutuwo mobwelezabweleza. Anati zimene ndatola pa intaneti ndi nkhani wamba, iwo afuna zolemba zimene akatswili ena anaziunika, ndipo zonse zili pa tsamba la laibulale. Potsiliza anandiuza mosabisa kuti nthawi imene yunivesite imalola yatha, ndipo ngati mutuwo sukhala bwino mvula isanayambe, dzina langa lichotsedwa.

Abale, tsamba lija ndinalida. Ku Sandwe netiweki imagwila ukakwela kachulu kuseli kwa sukulu, ndipo ndinali kukhala pamenepo dzuwa lili pamutu, laputopu pamiyendo. Ndikalemba funso langa lonse m'kabokosi kofufuzila, pankabwela zolemba zosawelengeka, zina za nkhuku, zina za mkaka, zina za maiko amene sindinawamvepo. Ndikaonjezela dzina la Petauke, tsamba linkayankha kuti palibe chilichonse. Ndikapeza cholemba chooneka bwino n'kuchitsegula, pankaoneka ndime imodzi chabe, zotsalazo zotsekedwa. Netiweki ikaduka pang'ono, tsamba linkanditulutsa, ndipo zonse zimene ndinasankha zinkasowa. Tsiku lina ndinakwela honda, njinga yamoto ija, mpaka pa boma, fumbi thupi lonse, msana ukuwawa ndi mabampu, kuti ndikapeze netiweki yabwino. Nditafika, tsamba linakana pasiwedi yanga, ati yatha nthawi. Ofesi yokonza zimenezo sinayankhe foni mpaka ndinabwelela.

Anzanga a m'kalasi pa gulu lathu la pa foni anali kungoti fufuzani bwino, zilipo. Mmodzi anandinong'oneza kuti pali anthu amene amalembela ena. Ndinakana, koma ndinakwiya poona kuti amene atenga njila zachidule akupita patsogolo, ine ndikali pa chulu. Mapemphelo anga a masiku amenewo sanali okoma. Ndinali kufunsa Mulungu ngati anandilola kufika patali chonchi kuti andichititse manyazi pamaso pa ana anga, amene ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti sukulu siisiyidwa panjila.

Mkati mwa zimenezi ndinalandila foni kuti atate agonekedwa m'chipatala ku Nyimba ndi chibayo. Makolo anga anachokela ku Mozambique pa nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo atabwelela, iwo anatsala n'kupeza munda kufupi ndi Nyimba. Amai anamwalila kale, choncho wodwazika ndinali ine. M'basi ndinauza Mulungu kuti basi, ndamva, digili si yanga. Laputopu ndinainyamula chabe chifukwa ndinaopa kuisiya m'nyumba yopanda munthu.

Atate atayamba kupezako bwino, masana ena ndinakhala pa khonde la wodi ya amuna pamene odwazika amapumila. Netiweki inali yabwino, ndiye ndinati ndiyeseko komaliza. Zinali zomwe zija. Ndinatsonya mokweza n'kutseka laputopu mwamphamvu. Mzimai wina amene anali kusenda lalanje pafupi nane anandiyang'ana n'kufunsa chimene makinawo andilakwila. Ndinali nditamuonapo m'wodi, akudwazika mlongo wake amene anali pa bedi la pakona, wodwala kwambili. Ndinayankha mwaukali ndithu kuti ndi za sukulu, sangazimve. Iye sanakhumudwe. Anati dzina lake ndi amai Njobvu, kwawo ndi komweko ku Nyimba, koma amagwila nchito mu laibulale ya koleji ina ku Kopala, ndipo nchito yake ndi kuphunzitsa ophunzila kufufuza pa masamba otelewa.

Ndinatsegulanso laputopu. Anaona zimene ndinalemba ndipo anati:

"Amai, makinawa samva chiganizo ngati munthu. Amafuna mau, ndipo amangokupatsani liu limene mwalemba. Imwe mwalemba groundnut. Nanga amene analemba peanut muwapeza bwanji?"

Anandionetsa kamzele kakang'ono pansi pa kabokosi, kotsegula tsamba lofufuzila mwakuya, limene ndinali ndisanaligwilepo. Kumeneko kunali mabokosi angapo. M'bokosi loyamba tinaika maina onse a nshawa, la Chingelezi cha kuno, la Chingelezi cha ku America ndi la sayansi, pakati pake tikuika liu lakuti OR, kutanthauza kuti lililonse mwa awa libwele. M'bokosi lachiwili tinalemba chiyambi cha liu la poizoni uja n'kuika kanyenyezi kumapeto, kuti makina atole mathelo ake onse. Lachitatu linali la kuyanika ndi kusunga. Mabokosiwo tinawamanga ndi AND, kuti cholemba chibwele pokhapokha ngati chili ndi zitatu zonsezi. Dzina la Petauke anati ndilichotse, ndiike maiko a kuno kum'mwela kwa Africa. Kenako kumbali anasankha kuti zibwele zounikidwa ndi akatswili zokha, za zaka zaposachedwa. Mulu uja unatsika n'kukhala zolemba zimene munthu angaziwelenge mitu yake pa nthawi imodzi, ndipo pafupifupi chilichonse chinali kunena za nkhani yanga.

Anandifotokozelanso kuti zolemba zinali kutsekedwa chifukwa ndinali kuzitsegula ndili kunja kwa khomo la laibulale, m'malo moyamba kulowa ndi nambala yanga ya sukulu. Anandithandiza kutsegula chikwatu changa pa tsambalo, chosungilamo zimene ndasankha ndi kafufuzidwe komwe, kuti netiweki ikaduka zisasowe. Anandionetsa kabatani kotulutsa maina a olemba m'ndondomeko imene aphunzitsi amafuna, ndi kena koonetsa anthu amene anagwilitsa nchito cholemba chimene wachikonda. Zimene laibulale yathu ilibe, anati pali polembela pempho kuti akakubwelekele kwina. Sanandichitile yekha. Anafufuta zonse n'kundiuza kuti ndibweleze ndi manja anga, iye akupita kukatembenuza mlongo wake.

Atabwela anaona kuti tsamba linali lotcheledwa kuti lizionetsa zolemba za Chingelezi zokha. Anali atandimvapo ndikulankhula ndi atate za kwawo ku Tete, ndiye anafunsa ngati ndidziwa dzina la nshawa m'Chipwitikizi, popeza nthaka ndi mvula ya tsidya lija n'zofanana ndi zathu. Ine Chipwitikizi ndimangomva patalipatali. Ndinalowa m'wodi kukafunsa atate, amene anaphunzilako ku mishoni ali mnyamata. Anatsegula maso, nati amendoim, n'kuseka mpaka kutsokomola. Titachotsa malile a Chingelezi aja n'kuika liu limenelo, panabwela zolemba za ku Mozambique zonena za kayanikidwe ka alimi ang'onoang'ono ngati anga. Masiku otsatila atate anali kutsamila pilo, magalasi pamphuno, kundimasulila ndime zoyambilila pang'onopang'ono, ine ndikulemba. Anali kunyada kwambili, ndipo manesi anayamba kuwatcha aprofesa.

Sindinganame kuti zonse zinakhala zosavuta. Nditabwelela ku Sandwe netiweki inali yomwe ija, ndipo cholemba chimodzi chimene ndinapempha chinafika mochedwa moti sindinachigwilitse nchito. Koma mutu uja ndinautumiza mitambo itangoyamba kusonkhana. Aphunzitsi anayankha mwachidule kuti tsopano tingapitilize. Chaka chotsatila ndinavala gauni, atate ali pakati pa anthu ndi jekete yawo ya ku tchalitchi. Lelo alimi a m'magulu anga ayamba kuyanika nshawa pa thandala m'malo mwa pa dothi, ndipo zachuku sazipatsanso ana.

Mlongo wa amai Njobvu sanachile. Anamwalila ife titangotuluka m'chipatala, ndipo ndinapita kukakhala nawo pa malilo. Ndili pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kukula kwa chimene amai Njobvu anandichitila. Masana aja iye anali atauzidwa kale ndi madokotala kuti palibenso chochita, koma anakhala pansi ndi mlendo waukali n'kumuphunzitsa moleza mtima. Nditamuthokoza, anangoti:

"Imwenso munandithandiza, amai. Ndinapumulako kuganiza."

Ndithokoza Mulungu amene anamva pemphelo langa ngakhale linatuluka ndi mkwiyo. Ndithokozanso chifukwa cha moyo wa atate, ndi chifukwa cha mzimai uja, amene ndipempha kuti mumukumbukile m'mapemphelo pamodzi ndi banja lake. Iwe amene wakhala pa chinthu chimodzi miyezi yambili osasuntha, kaya ndi sukulu, kaya ndi nchito, ndipo wayamba kudziona ngati wopusa, usasiye. Pemphela mmene ulili, ndipo wina akakufunsa chimene chavuta, muuze zoona. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.